Akuti Ndikafukule Chala Changa Kumanda

Anthu inu, tandiuzeni: munthu woduka chala amadinda ndi chiyani?

Ine ndimakhoma maboti kufupi ndi Lunho. Mwezi watha patarawu wathu, mwini ntchito, anandikweza pa makwerero ake ansungwi kuti ndidule thabwa la pamwamba pa boti. Makwerero omanga ndi zingwe za ukonde wakale, oimika pamchenga, wogwirira palibe. Ndinadandaula. Akuti, "Makwerero awa ngaakulu kuposa mwana wako woyamba, sanagwetsepo munthu." Anayambira ine. Mwendo umodzi unatitimira mumchenga, macheka a jenereta akulira m'manja, ndipo chala changa chamkombaphala chakumanja chinafika pansi ine ndisanafike.

Ife ndife Asilamu, chiwalo cha munthu sititaya kudzala. Amalume anachikulunga m'kansalu koyera n'kukachikwirira kumanda mwaulemu wonse. Pano patarawu akuuza anthu kuti ndinadzidula ndekha kunyumba posenda chinangwa. Chinangwa! Ndiye ndikungofuna pepala limodzi lonena kuti ndinavulalira pa ntchito. Popanda limenelo chipepeso palibe, ana anga atatu adya utuchi.

Lachiwiri ndinakwera shapa, kaminibasi kathu, ya 5 koloko m'mawa, msewu wake mukuudziwa, bala linayambiranso kuwawa. Ku ofesi yoona za anthu ovulala pa ntchito ndinafika 7:40. Pachitseko analembapo kuti amatsegula 7:30. Shefi, bwana wa pamenepo, anatulukira 9:15, nsomba ziwiri zili pa kachingwe.

"Sayinani apa, bambo."

Ndinasayina ndi zala zinayi zotsalazo. Anayerekeza ndi bilyete yanga, chitupa chija.

"Asinatura iyi si yanu. Apa pakuchita ngati papalasa nkhuku."

"Shefi, chala cholembera n'chimene ndabwera kudzalirachi."

"Basi dindani chala. Chamkombaphala chakumanja, chomwe chili pa bilyete."

Ndinakweza bandeji. Anayang'ana bandeji, anayang'ana pepala, anayang'ananso bandeji.

"Chili kuti?"

"Kumanda."

"Pepani ndi maliro. Simungabwere nacho mawa?"

Anthuni! Ndikafukule? Ndikawauze chiyani amalume? Ndikagwade kwa a shehe kuti chala chikufunidwa ku ofesi, chibwerera Lachisanu?

Ndinati ndili nazo zina zisanu ndi zinayi, sankhanipo chokusangalatsani. Anakana. Ndinavula nsapato kuti mwina chakuphazi chingathandize. Akuti ndisanyoze ofesi. Ndinatulutsa kalata ya kuchipatala. Anawerenga mokoka mawu, kenako akuti, "Kalatayi ikunena kuti chala chinaduka, koma sikunena kuti chinali chanu." Kuseri kwa tebulo limenelo ndinalakalaka kulozako munthu, koma cholozera ndinalibe.

12 koloko anatseka, akuti alumosu, nkhomaliro, kukadya nsomba zija. Ine ndinakhala pakhonde, m'mimba mulibe kanthu. Amayi osesa pa ofesipo ndiwo anandinong'oneza kuti fomu ya anthu opanda chala ilipo, ili pamwamba pa kabati.

2:10 shefi anabwera akutokosa m'mano. Nditawakumbutsa za fomuyo, anakoka makwerero kuseri kwa chitseko. Abale anga, makwerero a patarawu aja ndi atsopano. Awa masitepe awiri kulibe, mwendo umodzi anauchirikiza ndi njerwa.

"Kwerani, bambo. Inu mwazolowera."

Ndinati kuzolowera kwanga ndi bandeji iyi, sindikwera. Anang'ung'udza, anakwera okha, ine akuti ndigwirire. Ndinafunsa kuti ndi dzanja liti. Ndinawachenjeza, Mulungu ndi mboni, kuti njerwayo ikusuntha. Akuti makwerero amenewo sanagwetsepo munthu. Mawu amenewa ndinali nditawamvapo kwinakwake.

Phii! Shefi pansi, mafayilo pamutu, fumbi kobo. Fomu yanga inatsika mwaulemu n'kutera pa phazi langa. Ndinawadzutsa ndi dzanja limodzi, ndinalemba fomu yonse, ndinadinda chala chachikulu, mtima uli m'malo. Kwatsala chidindo ndi sayini ya shefi basi.

Dzanja lawo lamanja linali litatupa ngati mtanda wa mandasi.

"Sindingasayine, bambo."

"Sayinani ndi lamanzere."

"Asinatura ikasiyana sangavomereze. Mubwere ndikachira."

Ndinabwerera kunyumba chimanjamanja, mametikali 300 a shapa atapita, ndipo zandipweteka kuposa macheka aja. Patarawu akadali pa nkhani ya chinangwa, ndipo makwerero ake aja wakwezapo kale munthu wina.

Ndiye akuluakulu, tiyankheni. Ofesi ya ovulala ikamafuna chiwalo chomwe chinadukacho, oduka mwendo azibwera nawo paphewa? Amisiri anzanga, musakwere makwerero opanda wogwirira, ngakhale akuuzeni kuti sanagwetsepo munthu. Mukakakamizidwa, dindiranitu zala zonse khumi pa mapepala, musungitse kwa akazi anu.

Inunso shefi, mwavulalira pa ntchito, ndipo ofesi yokadandaulako ndi yanu yomweyo. Lachiwiri ndibwera 7:40. Ndikusungirani malo pamzere.