Mabuleki a Motoka ya Ba Njobvu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndikugulitsa nthochi. Nditamaliza sukulu ndinkathandiza amayi pamsika wa pa Rufunsa, kuthamangira mabasi a ku Chipata dengu lili pamutu. Kuseri kwa msikawo kunali galaja ya ba Sakala, makanika wachikulire wochokera ku Katete, ndipo mabasi akachepa ndinkaima pampanda n'kumaonerera. Tsiku lina anandiitana ali pansi pa minibasi.

"Iwe mtsikana, m'malo moyang'ana chabe, lowa upope buleki. Nikati gwira, usasiye."

Ndinapopa, ndinagwira, sindinasiye. M'mawa mwake anatumiza mawu kwa amayi kuti ndibwere nditavala ovololo.

Ndinayamba ndi kutsuka madilamu a mabuleki, kusintha mapadi ogwira mawilo ndi kuika zochirikiza pansi pa motoka, chifukwa ba Sakala sankalola munthu kukhulupirira jeke yokha. Motoka zathu zinali maminibasi ndi malole a chimanga. Ndiye tsiku lina thalakitala inalowa ikukoka kamotoka kobiriwira, kafupi, ka mipando iwiri, kopanda denga. Mwini wake anali ba Njobvu, mkulu wowonda wotsokomola, amene anagwira ntchito ku migodi asanabwere kudzalima ku Mpanshya. Injini anali ataikonza okha pang'onopang'ono. Kwa ife ankafuna mabuleki oti agwire mumsewu, agwirenso pabwalo la mpikisano kufupi ndi Lusaka, kumene eni motoka zakale amakumana.

"Nili mnyamata ninali kuithamangitsa iyi," anatero akusisita boneti. "Nifuna nikazungulirekonso kamodzi chabe."

Ntchito imeneyo ndimaikumbukabe ngati ya dzulo. Kutsogolo tinachotsa madilamu n'kuika madisiki ndi makalipa, zopanira mapadi zija, zomwe zinabwera pa basi. Mapaipi a labala ong'aluka tinawasintha ndi olukidwa ndi waya, osatupa ukaponda mwamphamvu. Mafuta akale a mabuleki anatuluka akuda ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo tinathira osawira msanga. Mapadi a mpikisano enieni ba Sakala anawakana. Ankati amenewo sagwira mpaka atatentha, pomwe mwana wodutsa msewu pamsika sadikira kuti mapadi atenthe. Kumbuyo tinasiya madilamu, tinangoikamo mashuzi atsopano ogwira dilamu mkati. Pochotsa mpweya m'mapaipi tinayambira wilo yakutali ndi mpope waukulu wa buleki, ine ndikupopa, iwo akutsegula ndi kutseka kabawuti kotulutsira mpweya ndi kasipanala kawo kotha m'mphepete.

Tsiku lokatenga motoka ba Njobvu anafika m'mawa atavala kapusi ndi magolovesi achikopa akale. Anabwera ndi mwana wawo wamkulu, amene anatinong'oneza kuti mawa lake akuwatengera kuchipatala ku Lusaka. Ba Sakala anati tikaiyese kaye, ndipo ananditenga.

Tinalowera cha ku mapiri otsikira ku Luangwa. Mphepo inkandimenya kumaso, tsitsi litamasuka, ndipo ndinali ndisanakhalepo pafupi ndi msewu choncho. Poyamba ba Sakala ankaponda buleki mopepuka mobwerezabwereza kuti mapadi azolowerane ndi madisiki. Kenako pamalo otsetsereka anaponda mwamphamvu. Mawilo akumbuyo anakakamira, matayala analira, ndipo kumbuyo kwa motoka kunapotokera kutsogolo. Bambo wina wa njinga ya makala anadumphira m'tchire. Tinaima chopingasa, mphuno ya motoka itayang'ana kuphompho.

Ba Sakala anatsika, anapepesa bambo uja, tinamuthandiza kutola makala. Titatha anandionetsa mizere iwiri yakuda pa phula.

"Waona? Kumbuyo kukugwira kutsogolo kusanagwire. Pafunika valuvu yochepetsa mphamvu ya mafuta opita kumbuyo. Kuno kulibe."

Tinabwerera ku galaja. Ba Njobvu anamvetsera zonse, kenako anatambasula dzanja.

"Nipatseni makiyi, ba Sakala. Nizayenda pang'onopang'ono, kufika pamsika chabe."

"Ba Njobvu, phazi lomwe linathamangitsapo motoka silimvera mwini wake."

"Mawa nipita ku Lusaka. Simukuona mmene nilili?"

"Nikuona, akulu. Koma pamsika pali ana a anthu."

Ndinamva misozi ikubwera, ndipo mumtima ndinawada ba Sakala. Iwo anaika miyala kumawilo onse, anatsegula chitseko, n'kuwathandiza ba Njobvu kukhala pampando. Analiza injini okha, giya ili pakati. Mkuluyo anagwira chiwongolero ndi magolovesi aja, anaponda mafuta mpaka malata a galaja ananjenjemera, ndipo azimayi a pamsika anabwera kudzasuzumira. Kenako anaponda buleki, anaikhalitsa, n'kutembenukira kwa ine.

"Ndiwe unapopa? Yalimba bwino, mwana wanga."

Valuvu inafika sabata yotsatira. Tinaiika papaipi yopita kumbuyo, tinachotsanso mpweya, tinabwerera pamalo omwe aja. Ba Sakala anaponda, motoka inaima chowongoka, kutsogolo kutagwada pang'ono monga ziyenera kukhalira. Palibe amene anasekerera. Ba Njobvu sanabwerenso ndi mapazi awo. Tinakawaika ku Mpanshya mvula isanayambe. Ana awo anagulitsa motokayo kwa munthu wa ku Lusaka, ndipo inachoka itakwezedwa pa lole.

Lero ndimagwira pa galaja yaikulu mu Lusaka, yokhala ndi makina okweza motoka ndi ochotsa mpweya popanda wopopa. Ba Sakala anabwerera kwawo ku Katete maso atayamba kufooka, ndipo pomwe panali galaja pano pali shopu ya feteleza. Ndikadutsa pa basi ndimayang'anabe kuseri kwa msika. Ndimalakalaka fungo la mapadi otentha ndi mawu awo akuchokera pansi pa motoka. Ndimalakalaka ndikanaona ba Njobvu akukhota pabwalo lija, ngakhale kamodzi.

Chimene ndinatenga kumeneko n'chakuti motoka yosaima bwino siituluka pageti, kaya mwini wake akukalipa kaya akulira. Ndakaniza anthu ambiri makiyi kuyambira nthawi imeneyo. Okalipa sandivuta. Koma akabwera wopempha motsitsa mawu, ndimakana ndithu, kenako ndimapita kuseri kukasamba m'manja nthawi yaitali.