Mlongoti wa Kuseri kwa Nyumba Yathu

Amuna anga anali wamagetsi ku esiteti ya labala. Tonse kwathu ndi ku Thyolo, koma ntchito inatibweretsa kuno ku Nkhata Bay tidakali achinyamata, ndipo iwo atapuma pantchito sitinabwererenso. Tinapeza kamalo pafupi ndi Mpamba n'kumangapo nyumba. Ine ndinkafuna kumunsi, kufupi ndi mjigo. Iwo anasankha pamtunda, chifukwa wayilesi yawo inkafuna pokwera.

Sinali wayilesi yomvera nyimbo ayi. Inali yolankhulirana. Anawasiyira injiniya wina wakunja amene ankagwira naye ntchito, ndipo anachita kukatenga chiphaso kuboma kuti aziigwiritsa ntchito. Loweruka masana ankakhala pakhonde la kuseri, kumaitana m'Chingerezi anthu a m'mayiko amene sanapondemo. Ine ndinkangomva kuthetheka ngati mafuta m'chiwaya, koma iwo ankamvamo mawu a munthu. Wina akayankha ankalemba m'kope lawo, kenako n'kundiitana kuti ndidzaone, ngakhale ndili ndi thovu la sopo m'manja.

Mlongoti anaumanga okha. Anali mapaipi atatu achitsulo olumikizana ndi mabawuti, kutalika kupitirira mtengo wa mango wa pakhomo pathu. Pamwamba panali eriyo, timapaipi topepuka topingasa. Pansi anauika pa chitsulo chopinda ngati cha chitseko, chozikika m'simenti, kuti azitha kuugoneka. Mawaya anachokera pakati ndi pamwamba kupita ku zikhomo zitatu zokhomedwa pansi. Chikhomo chimodzi chinali m'malire mwa munda wa chinangwa wa mayi woyandikana nafe, mayi wamasiye wa Chitonga, amene analola yekha kuti chikhale pamenepo.

Chinyontho cha kuno chimadya chitsulo. Choncho chaka chilichonse mvula ikatha tinkaugoneka mlongotiwo. Iwo ankadutsitsa chingwe pa kagudumu kamene anamangirira panthambi ya mango, ine n'kugwira kumapeto, iwo akumasula mawaya. Ukagona pansi ankapala dzimbiri, kupaka penti, kuthira gilisi m'mabawuti, kusintha waya wotha. Inali ntchito ya masiku atatu. Ndinkadandaula, koma ndinkaikonda. Ndi nthawi yokhayo imene tinkagwira ntchito imodzi awiriwiri.

M'mawa wina akumanga nsapato anagwera chammbali. Kuchipatala kuboma anatiuza kuti ndi matenda ofa ziwalo. Anabwerera kunyumba mkono ndi mwendo wakumanja zitalefuka, lilime lolemera. Mawu awo ndinkawamva ine ndekha, ndipo nanenso nthawi zina ndinkachita kuwafunsa kawiri. Mchemwali wawo anabwera kuchokera ku Thyolo kudzandithandiza kuwasamalira.

Mvula inabwera n'kupita, inabweranso n'kupita, mlongoti osagonekedwa. Penti anayamba kusuwuka. Ndinkaona dzimbiri likutsika m'mapaipi ngati misozi yofiira, koma mutu wanga unali pa mankhwala ndi kuchapa zofunda. Ndiye mwezi wa Juni mphepo ya mwera itawomba masiku anayi osaleka, waya wina wa pamwamba unaduka. Mlongoti unapendekeka. Unapendekekera kukhitchini ya mayi woyandikana nafe uja, kumene adzukulu ake ankakhala masana onse.

Mayiyo anabwera yekha. Ndi munthu amene nthawi yonse ya matenda ankatibweretsera ufa wa kondowole ndi usipa osatiuza n'komwe kuti abwera. Anakhala pamphasa nthawi yaitali akufunsa za odwala, kenako anati:

“Ama, ine sindikugona. Chitsulo chanu chikulira usana ndi usiku. Ana ndawaletsa kukhitchini, koma ana ndi ana. Sindikufuna tiyambane, ama. Ndikungopempha.”

Ndinamuuza kuti ndamva. Anathokoza kuti “Yewo,” n'kumapita. Manyazi anandigwira kwambiri, chifukwa zimene ananenazo ndinali ndikuziona ndekha tsiku ndi tsiku.

Ndinapita kwa amuna anga pakhonde. “Bambo, mlongoti uja tiugoneke. Ugwera ana.”

Anapukusa mutu.

“Tiugoneke chabe. Mukachira tidzauimikanso.”

Anatenga kope lawo, n'kulemba ndi dzanja lamanzere zilembo zokhotakhota: Ndikonza ndekha. Anandionetsa, n'kutseka kopelo. Ndinayesanso mawa lake, ndi mkuja. Tsiku lachitatu anakalipa, mawu osamveka, malovu akutsika pachibwano, mpaka anayamba kulira. Ndinali ndisanawaonepo akulira chikwatirane. Ndinawapukuta n'kusiya nkhaniyo.

Koma mphepo sinasiye. Ndikamatsuka mbale ndinkamva mawaya otsalawo akulira, ine mtima uli m'mwamba, maso kukhitchini ya anzathu.

Mwezi uliwonse ankapita kuchipatala kukawongoledwa ziwalo, ndipo ndinkawaperekeza ndine. Ulendo umenewo ndinanama kuti mutu ukundipweteka, ndipo ndinapempha alamu anga kuti apite nawo. Alamu anandiyang'ana, anadziwa. Minibasi itangonyamuka ndinathamangira kumsika kwa bambo wina wowotcherera zitsulo amene ndinali nditapangana naye kale. Anabwera ndi amuna awiri a kumpingo kwathu.

Ndinkaganiza kuti ntchitoyi ndikuidziwa. Zaka zonse zija ndinkagwira chingwe, koma sindinkaona zimene amuna anga ankachita kutsinde ndisanayambe kukoka. Ndinaonetsa anthu atatu aja kagudumu ka pamango. Tinadutsitsa chingwe, tinathamangitsa ana onse kupita kumsewu, wowotcherera uja anayamba kumasula mawaya. Poyamba zinayenda bwino. Mlongoti unatembenukira kubwalo kwathu, kusiya khitchini ija, n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono. Ndinamva mtima ukukhala pansi.

Utafika pakati panamveka kuti thu! Bawuti ya patsinde inali itadyeka yonse ndi dzimbiri. Tsinde linatumpha kuchoka pasimenti, chingwe chinathamanga m'manja mwathu, ndipo mlongoti wonse unamenya pansi mpaka nkhuku zinabalalika. Palibe anavulala kupatula ine, amene chingwe chinandisenda khungu m'zikhatho zonse ziwiri. Koma eriyo inaphwanyika. Timapaipi tija tinapindika, tina tinathyoka, paipi yapamwamba inakhota ngati ndodo ya nkhalamba.

Wowotcherera anavula chipewa n'kukanda m'mutu. “Mayi, pepani. Izi sizingawongoke.”

Ndinakhala pansi pomwepo, manja akuwotcha. Mayi woyandikana nafe anabwera ndi madzi ndi nsalu, anandimanga m'manja.

Amuna anga anafika cha m'ma thili koloko, atatsamira paphewa la mchemwali wawo. Anaima pangodya ya nyumba. Anayang'ana kumwamba kumene kunalibenso kanthu, kenako pansi. Anayenda ndi ndodo yawo mpaka pa eriyo, anaigwedeza ndi nsonga ya ndodoyo. Anayang'ana manja anga omangidwa. Ndinadikira kuti akalipe. Sanakalipe. Analowa m'nyumba.

Masabata atatu sanandilankhule. Chakudya ankalandira kwa mchemwali wawo yekha. Ndikabwera ndi madzi osamba ankatembenukira kukhoma. Tinkagona chipinda chimodzi ngati alendo okumana pa depoti. Alamu ankandiuza kuti ndipirire, azimayi a kumpingo ankati ndinachita bwino, ndinapulumutsa ana. Ndinkadziwa kuti n'zoona, koma sizinkandithandiza.

Tsiku lina ndikusesa pakhonde amuna anga anandikoka chitenje. Analankhula pang'onopang'ono, liwu limodzilimodzi, ine nditagwada pafupi kuti ndimve.

“Bawuti ija... ndinkaidziwa. Pamafunika... kuchirikiza tsinde... ndi mtengo. Mukanandikhazika... pampando... ndikanakuuzani.”

“Munakana, Bambo. Katatu konse munakana.”

“Ndinakana,” anavomera. “Koma... munandichotsa pakhomo... ngati mwana.”

Mpaka lero mawu amenewo ndimawaganizira. Akanakhalapo mwina akanakuwa, akanalira pamaso pa anthu, mwina amuna aja akanachita manyazi n'kubwerera, mlongoti n'kutsala chipendekekere. Mwinanso akanatiuza za bawutiyo, eriyo n'kutsika yamoyo. Ndimazitembenuza m'mutu nkhani ziwirizi ndipo sindidziwa kuti yoona ikanakhala iti.

Patapita masiku ananditumiza kukagula waya wamagetsi wamba. Anandiuza utali wake, ndinayeza ndi tepi yawo, ndinadula zidutswa ziwiri zofanana. Pakati tinalumikiza ndi kachidutswa ka paipi yapulasitiki, iwo akugwira ndi dzanja limodzi, ine ndikupota ndi pulayazi. Kenako ndinamanga mwala kuchingwe n'kuponya panthambi ya mango. Ndinaphonya kambirimbiri, ine mayi wa imvi, alamu akuseka pakhomo. Mbali inayo tinamanga pa mtengo wa bulugamu wa m'malire. Waya unalendewera pamwamba pa bwalo ngati woyanikapo zovala, koma amuna anga ataulumikiza ku wayilesi n'kuyatsa, kuthetheka kuja kunabwerera, ndipo mkati mwake munali mawu a anthu, akutali, ofooka.

Anatenga cholankhulira n'kuitana. Anaitana kanayi. Munthu wina anayankha, n'kupempha kuti abwereze chifukwa sanamve. Anabwereza, thukuta likutsika pamphumi. Munthuyo anapemphanso, mwaulemu ndithu, kenako anapepesa n'kupita kukalankhula ndi wina. Amuna anga anaika cholankhuliracho m'kabati ndipo sanachitulutsenso.

Kumvera kokha sanasiye. Masana ankayatsa, ine ndinkabweretsa mtedza wanga wosenda n'kukhala pambali pawo. Nthawi zina ankandiuza dziko limene munthu akulankhulira, ine n'kuvomera. Anayambanso kudya chakudya cha m'manja mwanga. Za tsiku lija sitinazikambenso, ndipo sanandiuzepo kuti andikhululukira. Ndinkafuna kuwafunsa, koma nthawi zonse ndinkati ndidikire apeze bwino pang'ono.

Matendawo anawabwereranso mvula yotsatira itangoyamba. Ulendo uno sanatuluke m'chipatala. Abale anafuna kuti maliro apite ku Thyolo, ndipo ndinapita nawo, ndinakhalako mwezi wathunthu. Azichimwene anga anandiuza kuti ndisabwererenso kunyanja, kulibe wanga. Ndinawamvetsera mpaka anamaliza, m'mawa mwake ndinakwera basi ya ku Nkhata Bay.