Mpando wa Pakati pa Masipika

Anzanga kusukulu amati ndine wabodza, ndipo sindiwatsutsa chifukwa bodza ndimalithadi, koma iyi yokha ndi yoona, ndipo amene anaiyamba ndine, musavutike kufunafuna wina.

Ndinali Fomu 3, tikukhala ku Rugare, kunyumba za njanji mu Harare, ndi amayi anga, amene nthawi zambiri ankakhala ali ku Musina, kutsidya kwa malire, kokaoda katundu, ine n'kumayankhula ndi makoma. Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala bambo wina wokalamba, tinkangowatchula kuti sekuru, ndiye kuti agogo m'Chishona, anapuma ntchito ya njanji kalekale. Akazi awo anamwalira, ana onse ali kunja, ndipo mumsewu wathu ndi iwo okha amene ankandiyankhula Chichewa chenicheni, ine n'kumayankha chosakaniza ndi Chishona, iwo n'kumapukusa mutu.

Mwana wawo wa ku Joni, m'malo mobwera, anawafunsa pafoni chimene akufuna. Iwo anati akufuna choimbira zimbale zawo zakale, koma osati chiphokoso cha m'makombi, maminibasi a kuno, chogwedeza nthiti, akufuna chakuti woimbayo azimveka ngati wakhala nawe m'nyumba. Ndiye kunabwera choimbiracho pamodzi ndi ampulifaya ya mababu agalasi, yolemera ngati injini, ndi masipika awiri ofika m'chiuno.

Anaitana ine, poti ndimadziwika ndi kugwiragwira mawaya. Mwana wawoyo ankandilangiza pavidiyo kuti waya wofiira apite kofiira, wakuda kwakuda, ndisayatse masipika asanalumikizidwe chifukwa ingapse, ndipo ikayatsidwa izisiyidwa itenthe kaye. Kenako anati masipika awiriwo ndi mpando zikhale ngati mafuwa, zotalikirana mofanana. Tinakoka kabati, tinatulutsa tebulo, ndipo mpando umene unakwana pakatipo unali wa malemu akazi awo aja, umene sunasunthidwepo chimwalirire iwo. Nditaukhalira ndinazizwa. Mawu sankachokera ku sipika iyi kapena iyo, ankachokera pakati, pamalo opanda kanthu, ngati munthu waima pomwepo.

Inuyo mukanatani? Ine ndinapita kumsika wa ku Mbare n'kukagula kachipangizo ka bulutufu kochepa ngati bokosi la machesi, n'kukabisa kumbuyo kwa ampulifaya, kenako ndinawanamiza sekuru kuti poitenthetsa azipotokolera batani pa nambala 2, pamene panali kachipangizo kangako. Kuyambira apo, ndikaweruka kusukulu, foni yanga inkalowa m'nyumba mwawo ine ndili kuseri kwa mpanda. Ndinayamba ndi kulira kwa sitima, ndipo atatuluka n'kumasuzumira kunjanji ndinaseka mpaka kugona pansi. Kenako ndinajambula amayi anga akung'ung'udza nyimbo ya pamaliro uku akusita, n'kumaiika motsitsa kwambiri. Pakabowo ka mpanda ndinawaona akuvula chipewa. Tsiku limenelo sindinaseke kwenikweni, koma sindinasiye, nanga ndikanasewera ndi ndani?

Pang'ono ndi pang'ono anasiya kupita kutchalitchi, anasiya kugula buledi, ngakhale zimbale zija anasiya kuika. Ankangoyatsa, batani lili pa 2, n'kukhala pampando paja kudikira.

Tsiku lina masana ndikuchokera kusukulu ndinapeza chitseko chawo chili pululu, mababu akuyaka, pampando palibe munthu. Mayi wa ku Tete wogulitsa tomato pakona anandiuza kuti awaona atavala suti, atanyamula kasutikesi, alowera kunjanji, ndipo atawafunsa anayankha kuti mayi a kunyumba awaitana. Ndinathamangira komweko. Ndinawapeza akuyenda pakati penipeni pa njanji kulowera kumafakitale a ku Workington, akuponda mosaphonya ngati munthu wodziwa njira yake, ndipo chapatali sitima ya katundu inali ikulira, yeniyeni, osati ya m'foni mwanga. Ndinawakoka jekete mpaka tinagwera limodzi m'tchire la m'mbali, ndipo sitima ikudutsa ndinaulula zonse m'Chishona, poti Chichewa chinali chitandithawa.

Iwo anasasa fumbi pa suti n'kunena kuti akudziwa. Akuti mawu a amayi anga akhala akuwamva pampanda kuyambira ine ndili m'matewera, ndipo amaphonya pokweza. Akuti sananditsutse chifukwa nyumba ya phokoso labodza iposa ya zii. Koma amene wawaitana si ameneyo ayi. Ameneyo amabwera m'mawa, ine ndi foni yanga tili kusukulu, saimba, amangopuma n'kumakonza kukhosi monga ankachitira akazi awo, ndipo lero wawatchula dzina la ubwana limene mu Harare muno palibe amene amalidziwa.

Titabwerera ndinazula kachipangizo kaja iwo akuona, kuti ndiwatsimikizire kuti zonse zatha. Anangondiuza kuti ndikhale pampando. Batani linali pa 2, panambalapo palibenso cholumikizidwa chilichonse, dzuwa likuwala pawindo, ana akusewera mpira pamsewu. Poyamba kunali kang'ung'u chabe. Kenako, pakati paja popanda kanthu, china chake chinakoka mpweya, n'kuutulutsa, n'kukonza kukhosi. Sindikumbuka kuti pakhomo ndinadutsa bwanji.

Wokonza magetsi wina anadzatiuza kuti nyumba zakale za njanjizi mawaya ake ndi otha, ndipo ampulifaya yotere imatola phokoso lililonse. Chabwino, ndavomera, koma kodi waya wotha amakonza kukhosi?

Amayi atabwera n'kumva nkhaniyi anandisambitsa ndi patapata, anandilanda foni teremu yonse, n'kugamula kuti masana alionse ndizikakhala kwa sekuru mpaka dzuwa kulowa. Chilango chimenecho mpaka lero ndikuchigwirabe, ndipo musawauze amayiwo, chimabwera ndi tiyi ndi mabanzi, kuphatikizapo nyimbo zomveka bwino kuposa nyumba ina iliyonse mu Rugare. Ndikafika ndimapotokolera batani pa 1, pa zimbale, n'kuika chimbale, iwo n'kumandikonza Chichewa. Kunjanji sanabwererekonso. Kupepesa sindinapepese, nanga popanda ine wosuzumira pampanda, chitseko chotsegula chija akanachiona ndani?

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti m'nyumba ya munthu amene wakhala yekha nthawi yaitali mumakhala mawu odikira potulukira, ndipo makina abwino sasankha choti akweze. Ndiye inu muli kunjaku, mukafuna kugulira kholo lanu chinthu chotere, bwerani nacho nokha, mukhale nawo pansi mumvere limodzi. Ndipo musaisiye ikuyaka popanda choimba. Ine mabanzi ndimadya ndithu, koma ndimadyera pansi, pafupi ndi chitseko, mpando wa pakati uja ndinawasiyira eni ake.