Anadula Pansi pa Chithunzi Changa

Ndikukumbukira chaka chimene tinabwerera kwathu ku Mongue kuchokera ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi. Ndinali ndi zaka khumi, mtsikana wamakani, wokonda kujambula kuposa kutsuka mbale. Mudzi tinaupeza uli tchire lokhalokha. Sukulu inali pansi pa mtengo wa mango, ndipo phunziro loyamba limene a Porofesora Jasinta anatipatsa linali la mapazi: ponda pamene wina waponda kale, ukaona miyala yopakidwa utoto wofiira bwerera. Kuseri kwa miyalayo kunali mamina, mabomba okwirira amene nkhondo inatisiyira.

Munda wa bambo anga unali kutsidya la mtsinje, kuseri kwa miyala yotero. Iwo ankalima kachigawo kobwereka kwa alamu awo, ndipo zimenezi zinkawadya mumtima. Ankakonda kuima pagombe, khasu lili paphewa, n'kumangouyang'ana munda wawo ukumera nsenjere.

Tsiku lina kunabwera galimoto yoyera. Munatuluka bambo wina wa bungwe lothandiza anthu obwerera, dzina lake a Baltazar, wonunkhira sopo, wa mawu okoma. Anatigawira mapepala ndi makrayoni, nati aliyense ajambule mudzi wathu mmene udzaonekere m'chaka cha 2000. Anzanga anajambula nyumba zamalata. Ine ndinajambula njinga zamapiko zikuuluka pamwamba pa phiri la Tumbine, basi yolendewera pachingwe, nyumba zoima pamiyendo italiitali ngati akakowa, ndi amayi akutunga madzi m'mitambo. M'munsi mwa pepala ndinaika mtsinje wathu, munda wa bambo, miyala yofiira, ndi bambo ataima ndi khasu lawo.

A Baltazar ananyamula chithunzi changacho m'mwamba. “Menina, mtsikana iwe, n'chifukwa chiyani zonse zili m'mlengalenga?”

“Pansi sipapondeka,” ndinayankha.

Kenaka anapita nane kunyumba, nagwira bambo dzanja, nanena pamaso pa amayi kuti chithunzichi apita nacho kwa akuluakulu, ndipo ochotsa mamina abwera kudzayeretsa munda umenewo. Bambo anawapatsa nkhuku. Ine ndinayenda sabata yonse mutu uli m'mwamba, moti amayi ankati ndisamale ndingagunde denga.

Mvula itayandikira, tinapita ku Milange kukagula mbewu. Pakhoma la msika ndinaziona njinga zanga. Wina waluso anali atazijambulanso ndi utoto wowala, thambo lachikasu, mapiko onyezimira ngati chitsulo chatsopano, okwerawo atavala zisoti zagalasi zozungulira, onse akuseka. Zinali zokongola, sindinganame. Koma m'munsi munalibe mtsinje, munalibe bambo, munalibe mwala ndi umodzi womwe. Panali msipu wobiriwira ndi mawu a Chipwitikizi akuti tsogolo lafika.

Ine chinandiwawa chinali chakuti dzina langa panalibe. Ndinali mwana. Bambo sankadziwa kuwerenga zilembo, koma zithunzi ankawerenga, ndipo anachiyang'ana nthawi yaitali.

“Rozita, pano si pomwe unaika miyala paja?”

“Ndi pomwepo, bambo.”

“Basi, ndiye kuti achotsa. Munthu uja analonjeza. Sangafufute miyala papepala pomwe m'munda ikadalimo.”

Amayi anawaletsa, akuti tidikire wina adzatiuze ndi pakamwa. Bambo anati ochotsa mamina anadutsadi mumsewu waukulu mwezi wathawo, anati mvula sidikira munthu, anatinso chithunzi cha mwana wawo sichinganame. Mawu omalizawa ndimawamvabe mpaka lero.

Kuphulikako tinakumva tili m'kalasi. Mbalame zinabalalika mumtengo wa mango, a Porofesora anagwetsa choko. Bambo anawanyamula pa njinga, njinga wamba yopanda mapiko, mpaka kuchipatala ku Milange. Moyo unatsala, mwendo wamanzere unapita.

A Baltazar sanabwerenso. Tinangomva kuti chithunzicho chinakondedwa kwambiri kumizinda, chinafika mpaka pa makalendala. Bambo sanandinenepo kanthu ngakhale kamodzi, koma ine ndinapsa mtima kuposa mmene thupi langa laling'ono likanathera kunyamula. Munthu anadya nkhuku yathu, anamva yankho langa ndi makutu ake, n'kutenga kulira kwanga kukakusandutsa chikondwerero.

Tsiku lina tikuchokera kukaona bambo kuchipatala, amayi anapatuka n'kukumba katondo m'mbali mwa msewu, namuthira madzi m'chikombe. Anandipatsa chikombecho. “Bwezera zimene anachotsa.” Dzuwa lili paliwombo, anthu akuona, ndinaviika chala n'kudinda miyala yofiira m'munsi mwa chithunzi cha pamsika, kenaka cha pa siteji ya basi, kenaka cha pafupi ndi chipata cha m'malire cha ku Muloza. Wapolisi wina anatikalipira. Amayi anamuuza kuti apite kuwodi akafunse mwendo wa amuna awo, ndipo anatisiya. Mayi wina wogulitsa tomato anaviikanso chala chake nawonjezera mwala wake.

Chaka cha 2000 chinafika, chinadutsa, njinga za ku Milange zikuyendabe pansi zitasenza matumba a chimanga. Posachedwapa mwana wa mchemwali wanga anandionetsa pa foni chithunzi chomwe chija. Achinyamata achipanga kuti chiziyenda, mapiko akukupiza, ndipo akuti zojambula zakale zolota zam'tsogolo zili m'fasho. Anandifunsa ngati si chokongola.

Ndinamuuza kuti n'chokongola. Koma ndinaphunzira ndili wamng'ono kuti munthu akakuonetsa tsogolo lowala, usathamangire kuyang'ana kumwamba. Yamba wafunsa chimene wadula m'munsi, chifukwa kumeneko n'kumene anthu amaponda. Ndinamubwezera foniyo n'kupita kukawasungira bambo ndodo zawo, pakuti ankafuna kukhala pansi.