Mayina a Zopindika a Langford Nyangu

Langford Nyangu anabwera ku Feira m'chaka cha 1978 kudzaika maliro a atate ake. Ankati akhala masabata awiri, abwerere ku yunivesite ku Lusaka. Koma inali nthawi ya nkhondo: lole ina inaponda bomba lokwirira pamsewu wa ku mlatho, magalimoto n'kuleka kuyenda. Pamtsinje napo, aliyense wopalasa ankawomberedwa kuchokera tsidya.

Ku Lusakako ankaphunzira masamu a zinthu zopindika, ndipo anali atayamba kufunafuna mayina a Chinyanja a mawu ake. Ngakhale mabuku a masamuwo sankamvana: chinthu chimodzi, ili likuchitchula dzina la Mjeremani, ilo la Mtaliyana.

Posowa kopita, ankakhala kwa a Silvestre, mmisiri wochokera ku Zumbo amene ankasemabe mabwato ngakhale panalibe wowayendetsa.

"Amalume, apa pabwatopa, pofufuma mbali zonse, mumapatcha chiyani?"

"Mimba."

"Nanga apa, potsika uku koma pokwera uku?"

"Chiuno. Iwe mwana wa ku sukulu, sunaonepo munthu?"

Langford analemba m'kope lake. Tsiku lina mkuluyo anakoka chingwe pamsana pa bwato, kuchokera kumutu mpaka kumchira, ndipo chinagona chokha podutsa pafupi. Langford anaimirira. Njira yachidule pa chinthu chopindika, imene anaisowera dzina chaka chathunthu, anaitcha mgonachingwe.

Asilikali oyendera mudzi anamupeza ndi kope lija. Munali mizere yokhotakhota, mivi, zilembo za Chigiriki, ndi dzina la Gausi, katswiri wa masamu wa ku Jeremani.

"Mapu a mtsinje awa. Mivi iyi ikuloza kampu yathu?"

"Ayi bwana, ikuonetsa kumene mzere ukulowera."

"Nanga Gausi ndani? Ali tsidya?"

"Anamwalira kalekale, bwana."

Kope anatenga. Anamulamula kuti asatuluke m'mudzi, ndipo m'mawa uliwonse azikaonekera kukampu. Anachita zimenezo miyezi khumi ndi inayi. Ankayesa kulembanso mayina aja pamapepala a fodya, koma akamva nsapato panja ankawaponya pamoto. Poopa asilikali, a Silvestre anasiya kumuyankha.

Msewu utatseguka, kalata inamupeza yonena kuti malo ake ku yunivesite anapatsidwa wina. Amayi ake anali atayamba kudwala miyendo, mbuzi zopanda woweta. Anapempha ntchito pasukulu ya pulaimale ku Mphuka, ndipo anaphunzitsa giredi faifi kufikira tsitsi litayera. Ku Lusaka anapitako kamodzi kokha, kukachotsa dzino.