Njere za limanda m'thumba la siketi

Chaka chimene Thokozire analephera mayeso a Fomu 4 ndi chomwenso mayi ake anamwalira. Anatsala ndi azakhali ake, a Mabel, ku Chinsapo, ndipo siketi ya yunifomu inasanduka yovala kuganyu.

Kumunsi kwa nyumba kunali dambo, ndipo m'mphepete mwake munkamera zokha zitsamba za limanda, za masamba ofiirira owawasa. Duwa lake limatsegula m'mawa, pakati pali bii ngati diso, dzuwa likafika pamutu lafota. Mayi ake ankawiritsa masambawo mwana akatuluka zilonda m'kamwa kapena akamakana kudya. Thokozire ankakhala pachulu n'kumalota ali maso: munda wonse uli psuu, mayi ake akuyenda pakati pake, chitenje chitanyowa ndi mame. Ankawasowa koopsa.

Kenako oumba njerwa anabwera ndi makasu. Thokozire anathyola msangamsanga tizibalobalo touma, manja akuyabwa ndi ubweya wake, n'kupulumutsa njere zodzaza chikhatho. Patangotha sabata, dambo lonse linali maenje.

Anadzala kuseri kwa nyumba, sizinamere. Anadzalanso, zii. Kachitatu, chimodzimodzi. Njerezo zinali gwa ngati timiyala.

"Anzako akupita kukoleji, iwe uli jijirijijiri kuthirira udzu?" anatero azakhali.

"Si udzu, anti. Ndi mankhwala a amayi."

"Nanga bwanji mankhwalawo nawonso akulephera mayeso?"

Mawuwo anamupweteka, bodza ayi. Njere zinatsala zisanu ndi ziwiri zokha. Anaziponya m'thumba la siketi, akuopa kuzidzala, chifukwa zikanakana izi, za mayi ake zikanathera pomwepo.

Loweruka lina ananyika siketiyo m'madzi ofunda otsala posamba. Asanachape, anamuitana kuganyu yopalira, ndipo siketi inagona m'beseni. Mawa lake anangoifinya n'kuiiwala pampando. Patapita masiku atatu anakumbukira njere zija. Anapisa m'thumba.

Zisanu zinali zitatulutsa timizu toyera.

Analira, kenako n'kuseka yekha ngati wopenga. Njere zija sizinali zakufa. Khungu lake linali lolimba, zinkangofuna kunyikidwa kuti lifewe.

Lero kuseri kwa nyumba ija kuli psuu, monga ankalotera. Amayi a ku Mchesi ndi ku Kawale amabwera kudzatenga masamba ndi mbande, ndipo iye amawauza kuti mwana akatentha thupi ayambe kaye kuchipatala. A Mabel omwe aja ndiwo amathamangitsa mbuzi, akukuwa kuti, "Chokani, mukudya mankhwala!" Thokozire anabwereza mayeso, ndipo phunziro la zaulimi analikhoza mopatsa kaso.

Inu amene mwadzala katatu osaona kanthu, musafulumire kunena kuti mbewu yanu ndi yakufa. Osataya mtima. Pisaninso m'thumba, mwina yayamba kale kumera.