Kamera Yadothi ya Alongo Anga

Tsiku limenelo tinali kuseri kwa nkhokwe, tikusewera zojambulana. Inali nyengo yokumba mtedza. Mudzi wathu unali ku Mozambiki, kufupi ndi malire a Zambia, ndipo nkhondo tinkangoimva kuti ili kutali.

Kamera anandiumbira ndi alongo anga a Filipo. Inali ya dothi la pachulu, kutsogolo anamatako galasi la botolo losweka. Masewerawo tinaonera kwa bambo wina amene anabwera pa njinga kudzajambula ukwati. Ine ndinkagwada, n'kutsinzina diso limodzi, n'kuwauza anzanga kuti asagwedezeke. Kenako ndinkalemba nkhope zawo ndi khala pa tsamba louma la nthochi, n'kuwapatsa. Amene ankawakonda kwambiri masewerawa anali mng'ono wanga Losa, yemwe anali atangosiya kuyamwa. Ankaima chilili, manja m'mbali, masaya atatupitsa.

Mfuti zinayamba kulira cha kusukulu. Atate ndi a Filipo anali atalawirira kudimba, kutsidya la mtsinje. Amama anasiya lichero la mphale pansi, nkhuku n'kuyamba kujompha pomwepo. Anabereka Losa, natenga bulangete ndi kachitini ka mchere. Ine kamera inali m'manja, ndipo palibe anandiuza kuti ndiitaye.

Tinadutsa m'munda wa chimanga, mapesi akutikanda kumaso. Amama anati ndisacheuke. Ndinacheuka. Denga la nkhokwe yathu linali litagwira moto.

Dzuwa lili pamutu tinafika padambo la tsekera wamtali. Pamenepo tinamva mawu a amuna akubwera m'kanjira. Amama anandikokera pansi, tonse n'kugona chafufumimba. Losa anali ndi ludzu, anayamba kulira chapansipansi. Amama anamutseka pakamwa, iye n'kumaphiriphitha kwambiri. Mawu aja anali kuyandikira.

Ndinakwawira kutsogolo kwake, n'kuika kamera pa diso.

"Losa, ndikujambula," ndinanong'ona. "Usagwedezeke."

Anandiyang'ana, misozi ili m'masaya. Anawongola manja m'mbali. Anatupitsa masaya.

Anthuwo anadutsa pafupi kwambiri. Ndinangoona miyendo yawo m'mipata ya udzu. Wina anavala nsapato zazikulu zopanda zingwe, wina anali wosavala nsapato, zidendene zake zitang'aluka ngati za atate. Wotsiriza ankakoka mbuzi ya eni. Nyerere zinali kukwera pa mwendo wa Losa, koma sanazisase.

Atapita, iye anakhalabe chomwecho mpaka nditatsitsa kamera. Kenako anatambasula dzanja kufuna chithunzi chake. Ndinalibe khala. Amama anathothola tsamba n'kumuikira m'manja, iye n'kulisunga m'chibakera ulendo wonse.

Lero ndine wojambula zithunzi pa boma la Chadiza. Ndinaphunzira nditakula, kwa mkulu wina wa kutchalitchi kwathu amene maso anali atayamba kumuvuta. Ndili ndi kachipinda pafupi ndi msika. Ndimajambula maukwati, ubatizo, ndi zithunzi za pa ziphaso. Koma ntchito ya kumtima kwanga ili kumidzi. Ndimakwera minibasi kupita ku Pembamoyo kapena kwa Mlolo, n'kukhala pansi pa mtengo kumene ana akusewera phada, fulaye, kapena kuyendetsa magalimoto a waya. Zithunzi zina zinakapachikidwapo ku Chipata ndi ku Lusaka. Anthu amandifunsa chifukwa chake ana a m'zithunzi zanga onse ali m'malere, wina akudumpha, wina akugwa, wina mwendo wosaoneka bwino. Chichokere padambo lija sindinauzeponso mwana kuti asagwedezeke. Ndimangodikira mpaka aiwale zoti ndilipo.

Kamera yadothi ija sinafike ku Zambia. Powoloka mtsinje madzi anandifika m'chifuwa, ndipo ndinafunika manja onse awiri kugwira chitenje cha amama. Titafika kutsidya ndinapeza matope okha m'zala.

Tinayenda masiku angapo. Tinkadya zipatso zakutchire ndi chinangwa chachiwisi cha m'minda yosiyidwa. Amama ankatinyambititsa mchere pang'ono kuti tisakomoke.

Pa malire panalibe chizindikiro chilichonse. Tinadziwa kuti tawoloka titaona mayi wina akukumba mtedza yekhayekha, akuimba, osayang'ana uku ndi uku. Anatiyang'ana kumapazi. Anatipatsa madzi a m'chigubu chake, n'kutimenyera mtedza ndi manja ake. Amama atatchula dzina la amalume athu okhala ku Zambia, mayiyo anatilozera njira ya kwa Mlolo, kenako anasiya khasu n'kutiperekeza.

Amalume tinawapeza akukonza njinga pakhomo. Anaimirira, sipanala ili m'manja, n'kutiwerenga ndi maso. Akazi awo anandikhazika pa mphasa n'kuyamba kundichotsa minga kumapazi ndi pini. Losa anagona tulo ali chikhalire.

Atate anafika mvula yoyamba itagwa. Anali atawonda, malaya ali a munthu wina. Amama anali kusinja. Anaika munsi pansi, koma sanathamangire atate. Anaima n'kumayang'ana njira kumbuyo kwawo.

Atate anakhala pa chitsa nafotokoza motsitsa mawu. Anthu a mfuti anawapeza kudimba. Atatewo anathawira m'bango. Koma a Filipo anthuwo anawagwira, anawasenzetsa thumba la chimanga n'kupita nawo.

Nkhondo itatha, atate anabwerera kukafunsa za a Filipo m'midzi yonse ya kumeneko. Palibe amene anawaona. Atate anamwalira kwa Mlolo ali nkhalamba. Losa ndi namwino, ana ake ndi aatali kundiposa. Amama ndimakhala nawo kuno ku boma. Maso awo anachita khungu, koma mlendo wamwamuna akaodira pakhomo amakhala chete kaye, kumvetsera mawu ake.